Kutchaja batire la boti ku Senga Bay: sola kapena jenereta?

Funso lachokera kwa msodzi wina wa ku Senga Bay m'boma la Salima, ndipo likuti: "Chaka chino ndagula injini yamagetsi ya 3 kW pamodzi ndi batire la lithium la 48 V, 100 Ah, ndipo ndaziika pa boti langa lamatabwa lotalika mamita 7. Timalowa m'nyanja madzulo kukapha usipa n'kubwerako m'mamawa, ndipo masiku ena masana ndimanyamula alendo kupita nawo ku chilumba cha Namalenje. Kwathu mawaya a ESCOM sanafike, choncho ndimalipira munthu wina kumsika kuti anditchajire. Ndalama zomwe ndasunga zingakwane chinthu chimodzi, mapanelo a sola kapena jenereta. Mlamu wanga akuti ndigule jenereta chifukwa dzuwa silidalirika m'dzinja. Nditani?"

Bambo, langizo langa ndi lakuti mugule sola, muimange pamtunda, ndipo jenereta muiyese chida chobwereka kapena chosonkherana ndi anzanu pa masiku ochepa a mvumbi. Mlamu wanu sakunama pa nkhani ya mitambo ya m'dzinja, ndipo ndibwererako, koma chomwe chandipangitsa kuyankha chonchi mwachinena nokha m'funso lanu: boti lanu limagwira ntchito usiku. Msodzi wa usipa amafika padooko dzuwa likutuluka ndipo amanyamukanso dzuwa likulowa, kutanthauza kuti batire lake limakhala chigonere pa maola onse amene dzuwa lili kumwamba. Ndi ntchito zochepa kwambiri zomwe zimagwirizana ndi sola ngati mmene usodzi wausiku umachitira.

Tisanafike pa zogula, tiyambe tawerengera moto womwe mumafuna pa tsiku, chifukwa anthu ambiri amalakwitsira pomwepa. Njira yosavuta ndiyo kuganiza m'mayunitsi, omwe aja amagulidwa pa mita ya ESCOM. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi. Batire lanu ngati lili la mtundu wa LiFePO4 lokhala ndi maselo 16, mphamvu yake yeniyeni ndi 51.2 V, ndipo mukachulukitsa ndi 100 Ah mupeza kuti likadzaza limasunga mayunitsi 5 ndi pang'ono. Injini ya 3 kW mukaitsegula mpaka kumapeto imadya mayunitsi 3 pa ola, ndiye kuti batire lonse lingathe pasanakwane maola awiri. Mukaiyendetsa modekha, pa mawati 1,000, mumakhala ndi maola anayi abwino n'kutsalako ndi kena kake. Boti lolemera lamatabwa limakankha madzi, silitsetsereka pamwamba pake, ndipo mphamvu yomwe limafuna imakwera msanga kuposa liwiro: kuti liwiro liwirikize kawiri pamafunika mphamvu yowirikiza pafupifupi kasanu ndi katatu. Choncho dzanja la munthu wogwira injini ndilo limalamula kukula kwa sola kapena kuchuluka kwa petulo yemwe mudzafune, kuposa chida china chilichonse chomwe mungagule.

Tiyerekeze kuti usiku wolemetsa mumagwiritsa ntchito mayunitsi 4. Moto wina umatayika m'mawaya ndi m'zida zotchajira, ndiye kuti pa tsiku muyenera kupeza mayunitsi 4 ndi theka kapena 5. Nambala imeneyi ndiyo tiyesere sola ndi jenereta yomwe.

Dera lathu la m'mphepete mwa nyanja lili ndi dzuwa lambiri, ndipo n'chifukwa chake malo opangira magetsi a dzuwa a 60 MW anamangidwa ku Salima komweko n'kuyamba ntchito mu 2021, komanso ena a 21 MW ku Nkhotakota. Pa tsiku labwino, dzuwa la kuno likaphatikizidwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo limafanana ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi a dzuwa lamphamvu. Koma nambala yolembedwa kumbuyo kwa panelo imayesedwa panelo ili pa madigiri 25, pamene panelo yomwe ili padzuwa la Okutobala ku Senga Bay imatentha kuposa madigiri 55, ndipo digiri iliyonse yoonjezera imadulako pang'ono mphamvu. Mukachotsanso za fumbi ndi za mawaya, n'kwanzeru kuyembekezera magawo atatu mwa anayi a zomwe zalembedwa. Panelo ya mawati 550 ikupatsani mayunitsi awiri pa tsiku labwino. Mapanelo awiri angadzaze batire lanu movutikira kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, koma akukhumudwitsani miyezi ina. Ine ndikuti mugule anayi. Pa tsiku lowala akupatsani mayunitsi 8, omwe ndi oposa zomwe batire lingalandire, kotero kuti likhala litadzaza nthawi ya nkhomaliro itangodutsa; pa tsiku la mitambo yapakatikati, pamene mapanelo akupereka theka lokha, mupezabe mayunitsi 4 aja. Mapanelo oonjezerawo ndiwo yankho loyamba pa nkhawa ya mlamu wanu, ndipo masiku ano panelo ndi chida chotsika mtengo poyerekeza ndi batire lomwe muli nalo kale.

Palinso chifukwa china chosankhira anayi, chomwe chikukhudza malumikizidwe. Batire la maselo 16 limatchajidwa mpaka 57 V kapena 58 V, pamene panelo imodzi ya mawati 550 imatulutsa pafupifupi 50 V ikakhala yosalumikizidwa ndi kanthu, ndipo imatsikira cha m'ma 42 V ikamagwira ntchito. Moto sukwera phiri, choncho panelo imodzi payokha singatchaje batire lanu ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Mapanelo ayenera kulumikizidwa motsatizana kuti mavoti awo aphatikizane. Awiri otsatizana amafika cha m'ma 100 V, zomwe zimakwanira bwino kontrola yolembedwa 150 V (kontrola ndi chida chomwe chimayendetsa moto wochoka ku mapanelo polowa m'batire). Atatu otsatizana amafika pa 150 V penipeni, ndipo m'mawa wozizira wa mu Juni mavoti a panelo amakwera n'kudutsa malirewo, kontrola n'kupsa. Mukakhala ndi anayi, mumapanga mizere iwiri ya mapanelo awiriawiri n'kuiphatikiza, ndipo zonse zimakhala m'malire. Kontrolayo ikhale ya mtundu wa MPPT, womwe umatsitsa mavoti ochuluka a mapanelo kuti agwirizane ndi batire popanda kutaya moto wambiri, yotha kupereka 40 A kapena 50 A, komanso yolola kuti mavoti otchajira asinthidwe ndi dzanja. Tizikontrola tabuluu totsika mtengo tomwe timadzaza m'misika, ta mtundu wa PWM, sitingagwire ntchitoyi, ngakhale tina timalembedwa MPPT pabokosi. Kontrola yeniyeni ya MPPT ya kukula kumeneku imakhala yolemera m'manja chifukwa cha koyilo ndi zitsulo zoziziritsira zomwe zili mkati mwake.

Musanagule kontrola, werengani chikwangwani cha batire lanu mosamala. Mabatire ena olembedwa 48 V ali ndi maselo 15, osati 16, ndipo malire awo ndi 54.75 V; kuwatchaja ngati a maselo 16 ndi kuwapha. Onaninso ma-amp omwe batire limaloledwa kulandira, omwe pa mabatire ambiri a 100 Ah amakhala 50 A. Ngati injini ndi batire lanu zili za makampani monga Torqeedo kapena ePropulsion, dziwani kuti makampaniwa amagulitsa matchaja ndi makontrola a sola awoawo ogwirizana ndi mabatire awo, ndipo ndi bwino kufunsa amene anakugulitsani musanalumikize chida cha kampani ina, kuopa kutaya chitsimikizo cha katundu wanu.

Tsopano tione jenereta mwachilungamo. Ubwino wake ndi woonekeratu: mtengo wogulira ndi wotsika, imagwira ntchito usana ndi usiku, mvula kapena dzuwa, ndipo mukhoza kuinyamula mukasamukira dooko lina kutsatira usipa. Vuto lili pa zomwe imadya. Lita imodzi ya petulo ili ndi mphamvu ya mayunitsi pafupifupi 9, koma jenereta yaying'ono imasandutsa gawo lochepa lokha kukhala magetsi, kotsalako kumathera m'kutentha ndi m'utsi, kotero kuti pa lita mumapeza yuniti imodzi ndi theka, mwina awiri jeneretayo ikakhala yabwino ndiponso itasenza katundu woyenera. Ngati tchaja yanu ndi ya 20 A, imakoka mawati pafupifupi 1,300 ndipo imafuna maola anayi kuti ibwezere 80 Ah zomwe mwagwiritsa ntchito. Jenereta ya 2 kVA pa katundu wotere imamwa pafupifupi lita imodzi pa ola kapena kucheperako pang'ono, ndiye kuti malita atatu kapena anayi pa kutchaja kumodzi. Tiyerekeze kuti mumapita kunyanja masiku 20 pamwezi, popeza mwezi ukawala usipa subwera bwino ku nyali: amenewo ndi malita 70 pamwezi, ndipo pa miyezi khumi ndi malita 700. Tengani mtengo wa lita wa lero muchulukitse nokha, kenaka muyerekeze ndi mtengo wa mapanelo anayi, kontrola, mawaya ndi chimango. Musaiwale kuikapo oyilo, yemwe amafunika kusinthidwa pa maola 50 mpaka 100 alionse, kutanthauza kamodzi pamwezi kwa inu, ndiponso mapulagi, zosefera mpweya ndi ndalama za amakaniko. Jenereta yotsika mtengo yomwe ikulira maola 800 pa chaka, pamchenga ndi pafumbi, siikhalitsa.

Chinanso chomwe masamu saonetsa ndi kusowa kwa mafuta. Tonse takhala tikuona mizere pa malo omwetsera mafuta m'zaka zapitazi, ndipo tikudziwa mtengo wa petulo wa m'zigubu pa nthawi zoterozo. Ndikhulupirira kuti china mwa zomwe zinakukankhirani ku injini yamagetsi ndi chimenechi. Mukadalira jenereta tsiku ndi tsiku, mwabwereranso pamzere womwewo, kungoti tsopano petulo wanu akuyamba wadutsa mu jenereta, mu tchaja ndi m'batire asanafike pa pulopela, ndipo paliponse pamene wadutsa akusiyapo gawo. Mudzawonongabe mafuta ochepa kuposa a injini ya mahachi 15, yomwe imamwa malita asanu ndi limodzi kapena kuposa pa ola ikatsegulidwa yonse, koma kupulumutsako kudzachokera pa kuyenda pang'onopang'ono, osati pa jeneretayo.

Nanga za dzinja zija? Kuyambira Disembala mpaka Malichi dzuwa limachepadi, koma masiku ambiri a dzinja kuno dzuwa limawalabe kwa maola angapo, ndiye kuti mapanelo anayi amagwirabe ntchito yaikulu. Ovuta ndi masiku a mvumbi, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale, pamene kumwamba kumatseka masiku atatu kapena anayi otsatizana ndipo mapanelo amapereka gawo limodzi mwa anayi, mwinanso kucheperapo. Pa tsiku lotero mupeza mayunitsi awiri kapena imodzi, omwe sakwanira ulendo wautali. Mu Juni ndi Julayi namonso masiku amafupika ndipo Mwera umabwera ndi mitambo yake. Koma taganizirani kuti pa masiku amenewa ndi angati omwe mukanalowadi m'nyanja. Mwera ukakula maboti amakhala pamtunda, batire limangodzaza pang'onopang'ono kudikira bata. Amene amapha nsomba ku chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, amadziwanso kuti kumeneko usodzi umatsekedwa nyengo yamvula. Masiku omwe nyanja ili bwino, nsomba zilipo, koma dzuwa lakana, alipo ndithu, koma ndi ochepa moti sangakhale chifukwa chogulira petulo chaka chonse. Pa masiku amenewo pitaninso kwa munthu wa kumsika uja, kapena mugwirizane ndi eni maboti anzanu, mwina kudzera mu komiti ya padooko, musonkhe jenereta imodzi yabwino yomwe aliyense azithiramo mafuta ake.

Tsiku lomwe mudzagule kapena kubwereka jenereta, pali zinthu zingapo zoti musamale. Majenereta ang'onoang'ono ambiri ali ndi potulukira pa 12 V polembedwa kuti ndi potchajira batire. Pamenepo pamatuluka ma-amp asanu ndi atatu osayendetsedwa bwino, ndipo sipakukhudzani konse inu a 48 V. Njira yokhayo ndi kulumikiza tchaja yanu ku soketi ya 230 V. Jeneretayo ikhale yoposa zomwe tchaja imakoka ndi theka lina, chifukwa matchaja ambiri amakoka moto modukizadukiza ndipo amalemetsa jenereta kuposa mmene mawati ake akuonetsera. Ikhale ya mtundu wa inveta kapena yokhala ndi AVR, kuti mavoti asamakwere ndi kutsika. Kajenereta kakang'ono kosakaniza petulo ndi oyilo sikangathe, ndipo kangakuwonongereni tchaja. Yambani mwailiza, ikhazikike, kenaka mulumikize tchaja, ndipo pozimitsa muyambe mwachotsa tchaja. Musailole kuti izime yokha chifukwa chotha mafuta tchaja ili chilumikizire, pakuti pamene ikutsamwa mavoti amalumphalumpha. Ngati tchaja yanu ndi ya 10 A, jenereta izilira maola asanu ndi atatu itasenza kakatundu kochepa, zomwe zimawononga mafuta ambiri pa yuniti iliyonse. Pamenepo ndi bwino kupeza tchaja yaikulu. Ndipo ndikupemphani ndi mtima wonse kuti jenereta isalire m'nyumba, m'shedi yotseka kapena pafupi ndi zenera la chipinda chogona. Utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide womwe sununkha ndipo umapha anthu ali m'tulo. Kuopa akuba kwachititsa anthu ambiri kuilowetsa m'nyumba, ndipo ena sanadzuke.

Ena amaganiza zokweza jenereta m'boti kuti izitchaja ali panyanja. Ine ndimakana. Magetsi a 230 V m'boti lomwe pansi pake pali madzi, anthu ali osavala nsapato, manja ali onyowa ndi ukonde, ndi ngozi yomwe sindingaivomereze pa mtengo uliwonse, osanenanso za chigubu cha petulo pafupi ndi batire.

Za kuika mapanelo padenga la boti ndi nkhani ina, ndipo ikukhudza maulendo anu a ku Namalenje. Kwa munthu amene ntchito yake ndi kunyamula alendo masana okhaokha, denga la mapanelo awiri lili ndi nzeru: limapereka mthunzi, limaonjezera mawati mazana angapo boti likuyenda, ndipo limatchaja pamene alendo akusambira. Koma panelo imodzi ya mawati 550 ndi yotalika mamita awiri ndi pang'ono, m'lifupi kuposa mita imodzi, ndipo imalemera makilogalamu pafupifupi 27. Mukaika awiri pamwamba pa boti la mamita 7 pamodzi ndi chimango chake, mwakweza kulemera m'mwamba ndipo mwapatsa mphepo pogwira. Amene anakumanapo ndi Mwera pakati pa nyanja akudziwa tanthauzo la zimenezi. Denga limasokonezanso poponya ndi pokoka ukonde wa chilimira. Popeza ntchito yanu yaikulu ndi usodzi, mapanelo akhale pamtunda, ndipo maulendo a alendo muwakonze motsatira batire: tchajani kuyambira m'mawa, nyamulani alendo nkhomaliro itadutsa pa liwiro lofatsa, ndipo ngati usiku womwewo mukupita kunyanja muwerengere zomwe zatsala musananyamuke. Bizinesi ya alendo ikadzakula, ndalama yotsatira ipite ku batire lachiwiri, kuti lina lizitchaja pamene lina lili pamadzi. Mapanelo anayi aja pa tsiku lowala angadyetse onse awiri pafupifupi.

Pomanga pamtunda, sankhani malo okwera. Mu 2024 nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mphepete monsemu, Salima ndi Nkhotakota momwe, choncho musayese malo potengera pomwe madzi ali lero. Mapanelo ayang'ane kumpoto, chifukwa tili kummwera kwa equator, ndipo apendekeke madigiri 15, zomwe zimathandiza m'miyezi yozizira dzuwa likamadutsa chakumpoto komanso zimalola mvula kutsuka fumbi. Pasakhale mthunzi wa mtengo wa mango kapena wa mgwalangwa kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Mthunzi wogwera pakona ya panelo imodzi umafooketsa mzere wonse. Kunyanja kuno mapanelo amada msanga ndi fumbi la Mwera, utsi wa pokazinga ndi powamba nsomba, zitosi za mbalame, ndiponso nkhungu zikatera, choncho azipukutidwa ndi madzi ndi nsalu yofewa kamodzi kapena kawiri pa sabata, m'mamawa galasi lisanatenthe. Chimango chikhale chachitsulo, chomangidwa ndi mabawuti ovuta kumasula, ndipo chilumikizidwe ku ndodo yachitsulo yokhomeredwa pansi chifukwa cha ziphaliwali za m'dzinja.

Batire lanu limalemera makilogalamu 40 mpaka 50, ndiye kuti anthu awiri kapena wilibala angalinyamule kuchoka padooko. Ndi bwino kulinyamula kusiyana ndi kukoka waya wautali wa 48 V mpaka kuboti, chifukwa pa mavoti otsika ndi ma-amp ochuluka waya wautali umadya moto wambiri. Ngati mtunda sungapeweke, waya wautaliwo ukhale pakati pa mapanelo ndi kontrola, pomwe mavoti ndi okwera, ndipo kontrola ikhale pafupi ndi batire, yolumikizidwa ndi mawaya onenepa, aafupi, okhala ndi fyuzi. Potchajirapo pakhale pamthunzi podutsa mphepo. Batire la lithium siliyenera kutchajidwa litatentha kuposa madigiri 45, ndipo m'kanyumba kamalata kotseka mu Novembala kutentha kumafika pamenepo mosavuta. Likabwera lonyowa, pukutani mitu yake ndi pulagi musanalumikize.

Apa ndidikire pang'ono, chifukwa pali kulakwitsa kumodzi komwe kumachitika makamaka pa mabatire ochotsachotsa ngati lanu. Sola ya panyumba imalumikizidwa kamodzi n'kukhala zaka, koma yanu izilumikizidwa ndi kumasulidwa tsiku lililonse, nthawi zambiri ndi anyamata otopa omwe achezera usiku wonse panyanja. Makontrola ambiri amafuna kuti batire lilumikizidwe poyamba, mapanelo pambuyo, ndipo pomasula muyambe mwadula mapanelo. Mukazula batire dzuwa lili phwee, kontrola imatsala ndi moto wopanda kopita ndipo ikhoza kupsa nthawi yomweyo. Ndinaphunzira zimenezi mowawa pa ntchito ina yomwe ndinamanga ndekha m'mphepete mwa nyanja: ndinalongosola ndondomekoyi pakamwa, sindinaike swichi, ndipo pasanathe mwezi mwini wake anandiitana kontrola itanunkha. Cholakwa chinali changa, ndipo ndinalipira. Kuyambira pamenepo ndimaika buleka ya DC pakati pa mapanelo ndi kontrola, ina pakati pa kontrola ndi batire, ndipo ndimalemba manambala 1 ndi 2 ndi penti pakhoma. Buleka yake ikhale yopangidwira DC, mtundu wa magetsi wotuluka m'mapanelo ndi m'batire. Za m'nyumba za AC sizizimitsa bwino moto wa mapanelo ndipo zimatha kuyaka. Pulagi ya batire ikhale ya mtundu wa Anderson, yomwe silola kulumikiza mozondoka, osati tizopanira ta batire la galimoto.

Chida china chaching'ono chomwe ndikufuna muchiike pa bajeti ndi mita yowerenga ma-amp olowa ndi otuluka, ngati injini yanu ilibe kale choonetsa chotere. Batire la LiFePO4 limaonetsa mavoti ofanana pafupifupi kuyambira lili lodzaza ndithu mpaka litatsala pang'ono kutha, kotero kuti mita ya mavoti imakunamizani kuti zonse zili bwino, kenaka BMS, kachipangizo koteteza maselo kamene kali mkati, kamadula moto mwadzidzidzi. Zimenezi zikachitika muli kutali, usiku, mphepo ikuyamba, nkhafi zokha ndizo zingakupulumutseni, choncho zisamachoke m'boti. Pokonza ulendo gawani batire patatu: gawo lopitira, gawo lobwerera, ndi gawo losungira mphepo yotsutsana nanu pobwerera. Mayunitsi 4 omwe tawerengera aja ndi a usiku wovuta. Usiku wamba muzifika padooko muli ndi gawo lachitatulo. Nyali zokopera usipa zikhale ndi batire lawolawo, kuti a siginala, omwe amayang'anira nyalizo, asamadye moto wobwerera kumudzi.

Kwa owerenga ena omwe maboti awo ali ndi mabatire a asidi, nkhaniyi imapendekera kwambiri ku sola. Batire la asidi siliyenera kutsika kupitirira theka, ndipo gawo lomaliza lodzazira limalowa pang'onopang'ono kwa maola angapo, moti jenereta imangolira n'kumawotcha mafuta pa moto wochepa. Amene amazimitsa msanga pofuna kusunga petulo amasiya batire losadzaza tsiku ndi tsiku, ndipo limatha kufa pasanathe chaka. Ngati pafunika jenereta, ilire m'mawa kwa ola limodzi kapena awiri, dzuwa limalizitse. Mabatire a galimoto sanapangidwire ntchito yotere ndipo musawayese n'komwe.

Pogula mapanelo tengani tepi yoyezera. Panelo zamakono zimapereka mawati 200 mpaka 220 pa sikweya mita imodzi, choncho panelo yomwe kukula kwake ndi sikweya mita imodzi koma yalembedwa 500 W ndi yabodza, ngakhale chikwangwani chake chikongole bwanji. Mapanelo onse anayi akhale a mtundu umodzi ndi kukula kumodzi. Funsani lisiti, ndipo wokumangirani akhale ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, komanso akusonyezeni pa kontrola kuti waika mavoti ogwirizana ndi chikwangwani cha batire lanu. Ngati ndalama sizikwana zonse lero, musachepetse pa kontrola, mabuleka ndi mawaya: gulani kontrola yokwanira mapanelo anayi, muyambe ndi awiri, ndipo awiri enawo muwaonjezere Disembala asanafike. Masiku a mwezi wowala, pamene boti likupuma ndipo batire ladzaza, inveta yaying'ono ya 48 V yolumikizidwa ku batirelo ingakuthandizeni kutchajira anzanu mafoni ndi mabatire a nyali, ndipo ndalama yake ndiyo ingagule mapanelo otsalawo.

Musanapite kusitolo, chitani chinthu chimodzi kwa masabata awiri. Tsiku lililonse mukafika padooko lembani m'kope peresenti yomwe yatsala m'batire, komwe munapita, ndi mmene mphepo inalili. Mukapeza kuti masiku ambiri mumabwera ndi theka kapena kuposa, mapanelo awiri akusungani mpaka mvula itayamba. Mukapeza kuti mumabwera ndi 20 peresenti kawirikawiri, gulani anayi nthawi imodzi, ndipo muyambe mwakambirana ndi wogwira injini za liwiro lomwe amayendera popita.